Chiweto chikamakalamba: msipu, premix, jakisoni kapena chammwamba?

Amene amaweta ng'ombe zamkaka kuno ku Mzuzu amadziwa kuti ng'ombe ikabereka kachisanu kapena kupitirira apo imayamba kuvuta. Nsengwa imachedwa kutuluka, mawere amatupa pafupipafupi, ndipo ikadwala imatenga nthawi kuti iwongokere. Nkhuku zoikira nazo zikapitirira chaka ndi theka zimayamba kuponya mazira a chigoba chopyapyala. M'masitolo a mankhwala a ziweto m'tauni muno muli timapaketi ndi mabotolo olembedwa kuti antioxidant, kutanthauza zinthu zoteteza maselo a thupi kuti asawonongeke, ndipo mlimi amene ali ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha amaima pakauntala osadziwa choti atole. Ndikufuna tiziike pamodzi njira zotetezera chiweto chokalamba, monga msipu, premix, jakisoni ndi chammwamba, tione imene ikuyenera chiweto chiti, cha msinkhu uti. Koma kuti kuyerekezaku kumveke, tiyambe taona zimene zimachitika m'thupi.

Zimene zimasintha m'thupi

Chiweto chilichonse chimapeza mphamvu poyatsa chakudya ndi mpweya wa okosijeni m'kati mwa maselo. Pa ntchito imeneyi mumatuluka tizidutswa ta okosijeni tolusa, timene timadya mafuta a m'khungu la selo, mapuloteni ndi DNA, monga dzimbiri limadyera malata m'chinyontho cha kwathu kuno. Thupi lili ndi chitetezo chakechake. Enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi) yotchedwa superoxide dismutase imagwira tizidutswato n'kutisandutsa hydrogen peroxide; kenako catalase ndi glutathione peroxidase zimasandutsa hydrogen peroxide kukhala madzi. Ma enzyme amenewa thupi limapanga lokha, koma zomangira zake zimachokera ku chakudya: superoxide dismutase imafuna copper, zinc kapena manganese, catalase imafuna ayironi, ndipo glutathione peroxidase siigwira ntchito popanda selenium. Izi za selenium akatswiri anazitsimikiza mu 1973. Pambali pa ma enzyme pali vitamini E, amene amakhala m'mafuta a khungu la selo n'kumaletsa kuti kuwonongeka kusafalikire, vitamini C, ndi zinthu monga carotene zimene zimapatsa dzira ndi karoti mtundu wachikasu.

Chitetezochi sichikhala chimodzimodzi moyo wonse. Mwana wa ng'ombe kapena wa mbuzi amabadwa ndi vitamini E wochepa kwambiri chifukwa vitaminiyu sadutsa bwino kuchoka kwa make kupita kwa mwana ali m'mimba. Amakamupeza mu mkaka woyamba uja wachikasu. Mwanapiye amadalira zimene thadzi linaika m'dzira. Pamsinkhu wapakati chitetezo chimakhala champhamvu, ngakhale chimagwa kwambiri ng'ombe ikayandikira kubereka. Nanga paukalamba? Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Mu 1956 Denham Harman wa ku America ananena kuti ukalamba umabwera chifukwa cha tizidutswa tolusati, ndipo ambiri anaganiza kuti chiweto chokalamba chimangokhala kuti ma antioxidant ake atha, ndiye tingowathira ena. Atayeza makoswe ndi mbewa zokalamba anapeza zina. Glutathione wa m'chiwindi, chinthu china choteteza chimene thupi limapanga lokha, amatsikadi, koma ma enzyme ena amatsika m'chiwalo china n'kukwera m'china. Chimene chimaoneka mobwerezabwereza n'chakuti thupi lokalamba limachedwa kuyankha. Muli puloteni yotchedwa Nrf2 imene imauza selo kuti liwonjezere chitetezo vuto likabwera. Mwa nyama yaing'ono uthengawo umathamanga, mwa yokalamba umafooka. Tsiku labwinobwino ng'ombe yakale ndi yaing'ono zingaoneke zofanana. Kusiyana kumaonekera pa tsiku lobereka, pa tsiku la malungo, pa tsiku limene yadya chakudya chachuku.

Palinso umboni wina umene umandichititsa kusamala ndi malonjezo a pabotolo. Mbewa zimene akatswiri anazisintha kuti zizipanga ma enzyme oteteza ochuluka, zambiri mwa izo sizinakhale ndi moyo wautali kuposa zinzake. Ndipo kuli kafuko kopanda ubweya ka ku Kenya, Ethiopia ndi Somalia, kachibale ka mfuko zimene zimatidyera chinangwa ndi mbatata, kamene kamakhala zaka zoposa 30 pamene mbewa yofanana nako kukula imangokhala zaka 3 kapena 4. Atakayeza anapeza kuti glutathione peroxidase wake ndi wochepa kwambiri ndipo maselo ake ndi owonongeka kuposa a mbewa. Choncho ukalamba sitingaubweze ndi antioxidant. Chimene tingathe, ndipo n'chachikulu kwa mlimi, ndi kuonetsetsa kuti chiweto chokalamba chisasowe zomangira chitetezo, komanso kuti chisakumane ndi mavuto ochuluka kuposa amene chingathe kuwayankha.

Msipu wobiriwira

Njira imeneyi ndi imene ndimaiika patsogolo, ndipo ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi pa iyo. Mvula imagwa nthawi yaitali kuno, ndipo ngakhale mu June ndi July mawawa amasunga udzu uli wobiriwira pamene madera ena auma kale. Nsenjere yongodula kumene, udzu wa Rhodes, kholowa, masamba a lukina ndi gliricidia, zonsezi zili ndi vitamini E ndi carotene wambiri. Kwa nkhuku ndi chisoso, bonongwe ndi masamba a mpiru otsala kudimba. Mukaswa dzira la nkhuku yoyendayenda pafupi ndi la nkhuku yodya madeya a chimanga choyera okhaokha, mudzaona lina lili psuu, lina lili mbuu. Kusiyana kumeneko ndi chitetezo chimene mwanapiye akanalandira.

Mtengo wake ndi thukuta ndi malo, osati ndalama zambiri, ndipo palibe chiopsezo choti mwapitiriza muyeso, kupatula lukina amene akachuluka amathothola ubweya ndi kuwondetsa, choncho azikhala wosakaniza ndi udzu. Kufooka kwa njirayi kuli pawiri. Koyamba, vitamini E ndi carotene zimatha msanga udzu ukauma. Mapesi ndi udzu umene wakhala padzuwa mpaka kuyera zimadzaza mimba, koma za chitetezo zatsalamo zochepa. Ng'ombe yobereka mu October kapena November, itakhala miyezi ikudya zouma zokhazokha, imafika pa tsiku lovutalo ili yoperewera. Amene ali ndi dambo, mzere wa nsenjere wothirira m'chilimwe ausungire ng'ombe imene ili ndi bere, osati kugawira zonse mofanana.

Kufooka kwachiwiri n'kumene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa n'kwa kwathu kuno. Chomera sichipanga selenium. Chimangotenga amene ali m'nthaka, ndipo nthaka ya asidi wambiri imamugwira osamutulutsa. Kafukufuku wa chimanga ndi nthaka amene Allan Chilimba ndi anzake anafalitsa mu 2011 anaonetsa kuti chimanga cha m'madera ambiri a Malawi chili ndi selenium wochepa, kupatula cha m'dothi lakuda la makande ngati la ku Chigwa cha Shire. Mu 2013 kunatuluka kafukufuku wina woyerekeza amayi a ku Zombwe, kufupi ndi Ekwendeni m'boma la Mzimba, ndi a ku Mikalango ku Chikwawa. Amayi a ku Zombwe anapezeka ndi selenium wochepa kwambiri m'magazi. Anayeza anthu, inde, koma udzu umene ng'ombe zathu zimadya ndi madeya amene nkhuku zathu zimajompha zimachokera m'nthaka ya mtundu womwewo. Ndiye msipu ungakhale wobiriwira bwanji, ng'ombe ya ku Lusangazi kapena ku Doroba ingathe kukhuta vitamini E koma n'kumasowabe selenium. Ziwirizi zimathandizana, koma china sichilowa m'malo mwa chinzake kotheratu.

Premix ndi michere yosakaniza

Apa ndi pamene ndalama ya mlimi wa kuno imagwira ntchito kwambiri. Michere ya ng'ombe zamkaka, kaya ya ufa kaya chibuma chonyambita, ndi premix ya nkhuku (ufa wa mavitamini ndi michere wosakaniza m'chakudya), zimabweretsa selenium, zinc, copper ndi manganese, zomangira zija za ma enzyme, pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku monga thupi limafunira. Musanagule, werengani chikalata cha pathumba muone ngati selenium walembedwapo. Chibuma china ndi mchere wamba wothira mtundu basi. Onaninso tsiku limene chinapangidwa: michere siitha mphamvu, koma mavitamini a mu premix amatha akakhalitsa, makamaka m'chinyezi ndi pamalo otentha. Paketi imene yakhala pawindo la sitolo ikuwombedwa ndi dzuwa siili monga inachokera ku fakitale.

Muyeso wa selenium ndi wochepa modabwitsa. Ku America lamulo limalola kuwonjezera mamiligalamu 0.3 okha pa kilogalamu ya chakudya, kutanthauza mamiligalamu 15 m'thumba lonse la makilogalamu 50. N'chifukwa chake kasakanizidwe n'kofunika. Wosakaniza yekha chakudya cha nkhuku asathire premix pamulu waukulu n'kutembenuza kawiri ndi fosholo. Ayambe kuisakaniza ndi madeya odzaza beseni limodzi mpaka mtundu ufanane, beseni limenelo alisakanize ndi ndowa ziwiri, kenako ndiye athire pamulu. Kupanda kutero nkhuku zina zimadya wambiri, zina osalawako.

Chakudya cha nkhuku chogula chosakaniza kale chimakhala ndi premix m'kati. Kuwonjezera ina pamwamba n'kutaya ndalama. Koma ambiri a ife timachulukitsa chakudyacho ndi madeya kuti thumba likhalitse, ndipo potero timasungunula premix ija. Nkhuku zazing'ono zimapirira kwa kanthawi. Zakale zimaonetsa msanga pa chigoba ndi pa kaikiridwe. Chenjezo limodzi kwa oweta nkhosa: musazipatse michere ya ng'ombe kapena ya nkhumba. Nkhosa imasunga copper m'chiwindi mpaka kufa nayo.

Chibuma chonyambita chili ndi vuto loti ng'ombe ina imanyambita kwambiri, ina siichiyandikira, ndipo m'khola la ng'ombe zingapo yokalamba ija imakankhidwa ndi zamphamvu. Kwa ng'ombe yakale ndimakonda michere ya ufa yothira m'madeya ake pa nthawi yokama, kuti mudziwe kuti yadyadi.

Jakisoni wa vitamini E ndi selenium

Jakisoni amathamanga, ndipo pali nthawi zimene palibe chingalowe m'malo mwake. Mwana wa ng'ombe kapena wa mbuzi amene miyendo yauma, akuvutika kuima ndi kuyamwa chifukwa cha matenda a minofu yoyera, amene amayamba ndi kusowa kwa selenium ndi vitamini E, sangadikire msipu. Ng'ombe imene nsengwa yakhala ikukanirira pobereka, alangizi a ziweto angaone kuti ibayidwe masabata angapo isanabereke.

Koma njirayi ndi yoopsa kuposa zonse. Pakati pa selenium wokwanira ndi wakupha mpata wake ndi wochepa. Mu April 2009 akavalo 21 a masewera a polo anafa ku Florida atabayidwa mankhwala a mavitamini amene wosakaniza analakwitsa muyeso wa selenium. Anali akavalo odula, osamalidwa ndi madokotala. Selenium akamachuluka pang'onopang'ono, chiweto chimathothoka ubweya wa kumchira ndipo ziboda zimang'ambika. Choncho jakisoni uyu si wogula n'kukabaya mongoyerekeza kulemera ndi maso, makamaka pa kamwana ka mbuzi kamene kadontho kochepa ka mankhwala kopitirira n'kokwanira kukapha. Ndipo ngati chiweto chikudya kale michere ya selenium, auzeni alangiziwo asanabaye. Mphamvu ya jakisoniyunso siikhalitsa: vitamini E wa mujakisoni amatha, ndipo chiweto chikabwerera ku mapesi okhaokha vuto limabwereranso. Kubaya ng'ombe chifukwa chongoti yakalamba sindikuvomereza.

Chammwamba, adyo ndi vitamini C

Masamba a chammwamba ndi chakudya chabwino, ali ndi puloteni, carotene ndi vitamini E. Ngati mtengo uli pakhomo, dyetsani. Koma umakonda malo otentha ngati Karonga ndi m'mbali mwa nyanja; kuno kozizira umakula mwaulesi, ndipo ufa wa m'mapaketi ndi wokwera mtengo moti kudyetsa ng'ombe kungakhale kumwaza ndalama. Zimene umapereka, kholowa ndi lukina zimaperekanso. Adyo ndi zina zothira m'madzi a nkhuku sizibweretsa selenium wokwanira.

Vitamini C ndi nkhani yaifupi. Ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi agalu zimapanga wawo m'chiwindi, nkhuku zimapanga mu impso. Amathandizako nkhuku pa masiku otentha kwambiri a October, kapena zitayenda ulendo wautali. Chiweto chimene sichipanga vitamini C ndi mbira, monganso ife anthu, ndiye mbira zisasowe masamba aawisi tsiku lililonse.

Kuchepetsa zimene chitetezo chikulimbana nazo

Njira imeneyi siigulitsidwa m'sitolo, ndipo mwina n'chifukwa chake siitchulidwa. Koma ngati vuto la chiweto chokalamba ndi kuchedwa kuyankha, ndiye kuchepetsa zoti chiyankhe n'kofunika kuposa kuwonjezera china chilichonse.

Tengani madeya. Timagula kuchigayo, nthawi zina akadali a chinyezi chifukwa chimanga chinanyowetsedwa pokonola, n'kuwathira m'thumba, n'kuwaika pasimenti m'chipinda chopanda mpweya. Pisani dzanja mpaka pakati pa thumba pakapita masiku. Ngati mukutentha, ngati madeyawo agwirana mabulumwa, ngati fungo lake layamba kuwawasa kapena mukuona timadontho tobiriwira, zinthu ziwiri zachitika. Mafuta a m'madeya awonongeka, ndipo mafuta otero amadya vitamini E wa m'chakudya ndi wa m'thupi momwe. Chachiwiri ndi chuku, chimene poizoni wake amapita kuchiwindi, komwe glutathione amagwiritsidwa ntchito pomuchotsa, pomwe mwa nyama yokalamba glutathione wa m'chiwindi ndi amene watsika kale. Poizoniyu amadutsanso mpaka mu mkaka umene ana athu amamwa. Usipa wakale wa fungo loipa ndi mtedza wowola umene timati "wa nkhuku" zili m'gulu lomweli. Kuyanika madeya pamphasa tsiku lomwe mwagula, ndi kuika thumba pathandala, kumateteza chiwindi cha ng'ombe kuposa botolo lililonse. M'miyezi ya mvula kuno, kugula ochepa pafupipafupi kuli bwino kusiyana ndi kuunjika.

Matenda nawo amayatsa tizidutswa tolusa tija, chifukwa asilikali a m'thupi amatigwiritsa ntchito popha tizilombo. Ng'ombe yodzaza nkhupakupa, mbuzi ya njoka zam'mimba, nkhuku zosalandira katemera wa chitopa, zonse zikuwononga chitetezo chawo tsiku ndi tsiku. Khola la matope limene ng'ombe imagona pandowe limabweretsa kutupa kwa mawere ngakhale mutaipatsa vitamini E wochuluka bwanji. Khola la nkhuku la malata otsika, lodzaza mopitirira, limazitenthetsa mu October ndi November ngakhale kuno kumadziwika ndi kuzizira. Kunenepetsa ng'ombe kwambiri isanabereke n'kulakwanso, chifukwa ikabereka imasungunula mafuta ambiri nthawi imodzi ndipo chiwindi chimalemedwa. Ndipo yang'anani m'kamwa mwa ng'ombe kapena mbuzi yakale: mano akatha, msipu wabwino uja umangodutsa. Iduleni nsenjere tizidutswa tating'ono, ndipo muipatse yanthete.

Za agalu pali kafukufuku amene amandisangalatsa. Akatswiri a ku Canada ndi ku California anatenga agalu okalamba a mtundu wa beagle, ena n'kuwapatsa chakudya chowonjezera vitamini E, vitamini C, zipatso ndi masamba, ena n'kumawayendetsa, kuwaseweretsa ndi kuwaika ndi anzawo, ena zonse ziwiri. Amene anasunga bwino luso lophunzira anali olandira zonse ziwiri. Galu wathu wakale amene amakhala pa tcheni usana wonse akudya mikute ya nsima yokha amasowa mbali zonsezi. Masamba ophika, tinsomba, dzira mwa apo ndi apo, ndi kumumasula ayende, n'zotheka pakhomo lililonse ku Chibavi kapena ku Masasa.

Ndalama ikakhala yochepa

Ine ndingayambe ndi zosafuna ndalama: madeya ouma, khola louma, msipu waawisi wosungira ziweto za bere ndi zokalamba. Ndalama yoyamba ipite ku dibi ndi katemera. Yachiwiri ipite ku michere kapena premix imene ili ndi selenium, chifukwa chimenecho n'chimene nthaka yathu siingatipatse. Jakisoni akhale wa alangizi, pa chiweto chimene chaonetsa vuto. Ufa wa chammwamba wogula ubwere kumapeto, ngati patsala kanthu.

Msinkhu umasinthanso kagawidwe. Ng'ombe yaing'ono yathanzi imene ikudya msipu ndi kunyambita michere siifuna zambiri. Mwana wongobadwa amatetezedwa kudzera mwa make, choncho michere ipite kwa mayiyo, ndipo mwanayo ayamwe mkaka woyamba m'maola oyambirira, osaukama n'kuutaya monga ena amachitira poona mtundu wake. Nkhuku zimene mazira ake mukufuna kuswetsa zidye bwino kuposa zongoikira a malonda. Nkhuku zoikira zikafika pamene mazira sakubweza mtengo wa chakudya, premix siidzazibwezera usoti; zigulitseni zikadali ndi thupi.

Kwa ng'ombe yamkaka yakale, nthawi yofunika kwambiri ndi miyezi iwiri imene taisiya kukama isanabereke, ndi mwezi woyamba itabereka. Ambiri timachotsa madeya ndi michere pa nthawi yomweyi poti siikubweretsa mkaka wokagulitsa ku bulking group (gulu la alimi losonkhanitsa mkaka), n'kudzayambiranso itabereka, pamene vitamini E wa m'magazi ake wagwa kale. Bere la ng'ombe limatenga masiku pafupifupi 280, ndiye tsiku limene yakweredwa kapena kupatsidwa umuna lilembedwe, muwerenge miyezi 7 kuchokera pamenepo, ndipo thumba la michere likhale litagulidwa tsikulo lisanafike.